Modemu ya m'kati mwa kompyuta, ya kunja, kapena makina a fakisi: musankhe iti?

Mkulu wina amene amaitanitsa zipangizo za magalimoto kuchokera ku Japan anabwera ku shopu kwanga atanyamula kakhadi kobiriwira, atakakulunga m'nyuzipepala ngati usipa. Anakapeza m'katoni ya zinthu zakale ku ofesi kwawo. Kumbuyo kwake kunali timabowo tiwiri tolowetsamo waya wa foni, kena kolembedwa LINE, kena PHONE. Kampani ina ya ku Japan komweko inali itawauza kuti oda yawo, yosainidwa ndi kudindidwa chidindo, aitumize pa fakisi, ndipo mnyamata wa ku ofesi anawatsimikizira kuti kakhadiko ndi fakisi yathunthu, kongofunika kulowetsa m'kompyuta basi.

Mnyamatayo sananame. Kanali modemu ya m'kati, ndipo pafupifupi modemu zonse za mtundu umenewu zimatumizadi ndi kulandira fakisi. Koma ndisanagwire n'komwe sikuludalaivala ndinafunsa kuti, "Achikulire, foni ya waya ija timati graundi ku ofesiko ilipo? Mukainyamula ikumveka kulira?" Anayamba akanda kaye kumutu. Ambiri amene amabwera ndi nkhani ya fakisi amaganiza za kachipangizo, pomwe mwini nkhani ndi waya wochokera pa pholo.

Kompyuta imadziwa manambala okha, pomwe waya wa foni anaupanga kuti uzinyamula mawu a munthu. Ntchito ya modemu ndi kusandutsa manambalawo kuti akhale phokoso loyenda pa waya, ndipo inzake ya kutsidya imalibwezeranso kukhala manambala. Amene munalowako mu intaneti kafe ku Blantyre kapena ku Lilongwe cha m'ma 2000 mukukumbukira kulira kuja, kuyamba ngati likhweru, kenako kukhala ngati wailesi yosochera siteshoni. Pamenepo modemu ziwiri zinali kufunsana kuti wayawo ungathe kunyamula liwiro lotani.

Liwirolo linkakwera pang'onopang'ono. Muyezo wa V.34 unafika pa 28.8 kbps (kbps ndi kawerengedwe ka kuchuluka kwa uthenga wodutsa pa sekondi imodzi) mu 1994, kenako 33.6 kbps. Mu 1997 kunabuka mkangano wa njira ziwiri zosamvana za 56k, kutanthauza 56 kbps: x2 ya US Robotics ndi K56flex ya Rockwell ndi Lucent. Ukagula modemu ya mbali ina, kampani yako ya intaneti n'kukhala ya mbali inayo, unkangotsala pa 33.6. Bungwe la ITU, loona za matelefoni pa dziko lonse, linathetsa mkanganowo ndi V.90 mu 1998, ndipo V.92 inatsatira mu 2000. Nambala ya 56 ija musaikhulupirire kwambiri. Imatheka pokhapokha mbali inayo italumikizidwa ku netiweki ya foni mwa digito, monga zinkakhalira ku makampani a intaneti, ndiponso ndi ya polandira pokha. Modemu ziwiri za m'nyumba zikaimbirana sizipitirira 33.6. Ndipo fakisi ili ndi malamulo akeake: modemu zambiri zimaitumiza pa 14.4 kbps, waya ukakhala wa phokoso zimatsikira pa 9600 kapena 4800. Choncho ngati cholinga chanu ndi fakisi, zoti pa bokosi palembedwa V.90 kapena V.92 zilibe kanthu.

Za intaneti ndinene mwachidule, chifukwa palibe zokambirana. Pa 56k, fayilo ya megabaiti imodzi imatenga pafupifupi mphindi zitatu, ndiye chithunzi chimodzi cha foni zamakonozi mungachidikire mpaka madzi a tiyi atawira ndi kuzizira. Ngakhale AOL, imene inakula ndi malonda amenewa ku America, inatseka ntchito yake ya intaneti yoimba pa foni kumapeto kwa Sepitembala 2025. Chimene chatsalira modemu lero ndi fakisi, komanso kulankhula ndi makina akale a m'mafakitale kapena ma switchboard, makina ogawa mafoni m'maofesi, amene amangodziwa kuimbiridwa.

Khadi ya m'kati: si yonse yofanana

Ubwino wa modemu ya m'kati ndi woonekeratu. Siidya malo pa tebulo, siifuna soketi yakeyake ya magetsi, palibe angaitole n'kuiponya m'thumba, ndipo nthawi zonse inali yotsika mtengo kuposa zinzake. Vuto ndi loti makhadi awiri ooneka ngati mapasa akhoza kukhala nyama zosiyana kwambiri.

Yambani ndi mano ake, timizere tagolide timene timalowa mu motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta. Makhadi akale kwambiri ndi a ISA, olowa m'mpata wautali wakuda umene unasowa m'makompyuta kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ochuluka amene mungawapeze m'makatoni ndi a PCI, a mpata umene kawirikawiri umakhala woyera. Makompyuta atsopano ambiri alibenso PCI, ali ndi PCI Express, ndipo ngakhale maina akufanana, khadi ya PCI singalowe m'menemo. Modemu za PCI Express zilipo, koma ndi zoitanitsa. Onaninso kutalika kwa kachitsulo ka kumbuyo. Makompyuta ang'onoang'ono a Dell ndi HP ogwiritsidwapo kale ntchito, amene adzaza m'maofesi mwathu muno, amafuna kachitsulo kafupi. Ndaonapo anthu akukapinda ndi pulayala kuti chivindikiro chitsekeke, ndipo khadi yoikidwa motero imasuntha tsiku lililonse munthu akakoka waya.

Kusiyana kwachiwiri sikuoneka msanga ndi maso, koma ndi kumene kumaliza anthu. Pali modemu yokwanira payokha, yokhala ndi ubongo wake wowerengera phokoso ndi kumvera malamulo. Kompyuta imangoiona ngati chipangizo cholumikizidwa ku COM port, khomo la kompyuta lolumikizirapo zipangizo, ndipo imagwira ntchito pa DOS, pa Windows, pa Linux, popanda kuinyengerera. Ndiye pali ina yotchuka ndi dzina loti Winmodem, imene opanga anaichotsa ubongo kuti itsike mtengo, n'kusiya ntchito yonseyo m'manja mwa purosesa, ubongo wa kompyuta, kudzera mu driver, kapulogalamu kothandiza kompyuta kulankhula ndi chipangizo. Makhadi a ISA ambiri anali okwanira. Makhadi a PCI ambiri ndi a mtundu wachiwiriwu, a machipi a Conexant, Lucent kapena Agere, Motorola, PCTel ndi ena. Mukaona khadi yaing'ono, yopepuka, ya chipi chimodzi ndi malo ambiri opanda kanthu, dziwani kuti mwina ndi yomweyo.

Kale anthu ankadandaula kuti Winmodem imalemetsa kompyuta, ndipo pa purosesa ya Pentium ya nthawi imeneyo zinali zoona: ukatsegula pulogalamu yaikulu, intaneti inkaduka. Lero purosesa iliyonse imainyamula osamva n'komwe. Dandaulo lenileni ndi driver. Popanda driver yogwirizana ndi Windows yanu, khadiyo ndi chidutswa cha pulasitiki. Makhadi ambiri akale driver zake zinathera pa Windows XP kapena pa Windows ya 32-bit, pomwe Windows ya 64-bit imakana driver yosasainidwa. Ngakhale imene ikugwira lero ikhoza kufa mawa popanda kuigwira: mu Okutobala 2025 Microsoft inachotsa mu Windows driver ya modemu za Agere yotchedwa ltmdm64.sys chifukwa inapezeka ndi chiboo chimene akuba a pa kompyuta ankalowerapo, ndipo modemu zodalira driver imeneyo zinangoti zii. Pa Linux nkhani ya Winmodem yakhala ya misozi kuyambira kale.

Pofuna kudziwa chimene mwagwira, musadalire dzina la pa bokosi, pakuti makampani ambiri ankangogula chipi kwa ena n'kumatapo dzina lawo. Werengani zolembedwa pa chipi chachikulu. Ngati khadi ili kale m'kati, tsegulani Device Manager, pitani pa chipangizo chosadziwikacho, muone Hardware Ids. Nambala yotsatira VEN ndiyo imaulula mwini wake: 14F1 ndi Conexant, 11C1 ndi Lucent kapena Agere, 1057 ndi Motorola. Driver muifunefune ndi nambala imeneyo, ndipo muipeze musanatsegule bokosi la kompyuta, osati mutamanga kale.

Kuika khadiyo

Ntchito yeniyeni ya manja ndi ya mphindi khumi. Zimitsani kompyuta ndipo muzule chingwe cha magetsi ku khoma. Kuzimitsa kokha sikukwanira, chifukwa motherboard imakhalabe ndi magetsi pang'ono chingwe chikakhala cholumikizidwa. Gwirani chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi mwanu, aja amathetheka mukavula juzi nthawi ya chisanu, atuluke musanakhudze khadi. Chotsani kachitsulo kotseka mpata, gwirani khadi m'mbali, ikanikizeni molunjika mpaka mano onse atamira mofanana, mumange sikulu. Khadi yolowa theka ndi imene imachititsa kuti kompyuta ikane kuyaka kapena isaione n'komwe modemuyo.

Waya wa foni mulowetse pomaliza, bokosi litatsekedwa. Waya umenewu umakhala ndi magetsi akeake a pafupifupi mavoti 48, ndipo wina akaimba amakwera kwambiri moti amatha kukugwira. Wochokera ku khoma upite pa LINE. Pa PHONE mpolumikiza foni yanu ya pa tebulo kuti muziimbabe. Kusemphanitsa mabowo awiriwa ndi cholakwa chimene ndachikonza kambirimbiri, ena atanyamula kompyuta yonse pa kabaza kubwera nayo kuti yawonongeka.

Amene tinaikapo makhadi a ISA tili ndi zipsera zina. Unkayenera kusuntha timapulagi ting'onoting'ono pa khadi posankha COM port ndi IRQ, nambala imene chipangizo chimaitanira purosesa. COM1 ndi COM3 zimagawana IRQ 4, COM2 ndi COM4 zimagawana IRQ 3. Mbewa ya kompyuta ikakhala pa COM1, iwe n'kuika modemu pa COM3, ndiye kuti modemu ikangoyamba kuimba, kamuvi ka pa sikirini kankauma gwa. Tsiku loyamba kukumana nazo ndinasintha mbewa ziwiri ndisanazindikire kuti mbewa inalibe mlandu. PCI inathetsa zimenezi, ndipo pa ichi chokha ndimaiyamika.

Driver ikalowa, pitani pa Phone and Modem mu Control Panel, sankhani dziko limene muli, kenako pa Diagnostics dinani Query Modem. Mukaona mizere ya mayankho, kompyuta ndi modemu zikumvana. Zimenezi sizikutanthauza kuti waya uli bwino. Malamulo amene akuoneka pamenepo, oyamba ndi AT, ndi ochokera ku Smartmodem ya kampani ya Hayes ya mu 1981, ndipo modemu zonse zimawamverabe: ATZ kuidzutsanso, ATDT ndi nambala kuimba, ATH kudula. Modemu ikamanena kuti sikumva kulira kwa laini pomwe foni ya pa tebulo ikulira bwinobwino, mwina inazolowera kalilidwe ka ku America. Chotsani chizindikiro pa Wait for dial tone before dialing, kapena muipatse lamulo la ATX3, iziimba osadikira.

Ku ofesi ya switchboard samalani kawiri. Ngati potuluka kunja mumayamba ndi 9 kapena 0, ikani nambalayo ndi koma patsogolo, chifukwa koma amauza modemu kuti ipume masekondi awiri. Ndipo musalowetse modemu pa soketi ya foni za digito za switchboard ngakhale pulagi ikukwana, pakuti magetsi ake akhoza kuiotcha. Pemphani laini ya analogi, ya foni wamba. Ngati pa waya womwewo pali ADSL, intaneti yothamanga yodzera pa waya wa foni, modemu idutsire pa kasefa kolekanitsa foni ndi intaneti ngati mmene foni imachitira.

Pulogalamu yotumizira simufunika kugula. Windows XP inali ndi Fax Console, ndipo kuyambira pa Vista pali Windows Fax and Scan, imene pa Windows 11 nthawi zina mumachita kuiwonjezera nokha pa Optional features. Imaoneka ngati pulinta: mukalemba kalata mu Word, mumasankha Fax m'malo mwa pulinta, n'kulemba nambala. Ya ku Japan muyambe ndi 00, kenako 81, n'kusiya 0 woyamba wa nambala yawo. Akale amakumbukira WinFax, ndipo a Linux ali ndi HylaFAX, imene imatha kutumikira ofesi yonse ndi modemu imodzi.

Modemu ya kunja

Ndisabise, mtima wanga uli kuno. Modemu ya kunja ya serial, monga Sportster kapena Courier za US Robotics, ndi kabokosi kokhala pa tebulo, kolumikizidwa ndi chingwe cha mapini asanu ndi anayi kumbuyo kwa kompyuta. Pafupifupi zonse ndi zokwanira pazokha, ndiye nkhawa ya driver palibe. Zili ndi timagetsi kutsogolo timene timakuuza zimene zikuchitika: OH yayaka ndiye kuti yanyamula laini, CD yayaka ndiye kuti yagwirana ndi inzake, SD ndi RD zikuphethira ndiye kuti uthenga ukuyenda. Fakisi ikakanika, umadziwa pamene yakanikira. Khadi ya m'kati imangokhala duu, iwe n'kumalota. Ikasokonezeka, ya kunja umaizimitsa ndi kuiyatsanso pa switchi yake, pomwe ya m'kati mpaka kuzimitsa kompyuta yonse, ntchito za anthu zili pakati.

Zovuta zake ndi ziwiri. Makompyuta ambiri a lero alibe serial port, ndiye pamafunika kachingwe kosinthira ku USB, ndipo totchipa tina timataya uthenga pakati pa fakisi. Chachiwiri ndi adaputala ya magetsi. Zambiri mwa modemu zimenezi zimabwera ndi katundu wakale wochokera ku America, adaputala yake ili ya mavoti 110 kapena 120. Kuno magetsi athu ndi a 230. Werengani kaye musanalowetse ku khoma, apo ayi mumva kafungo kamene amisiri tonse timakadziwa. Onaninso ngati modemuyo imafuna AC kapena DC, chifukwa zambiri za US Robotics zimadya AC, ndipo adaputala iliyonse ya pa msika siingalowe m'malo.

Modemu ya USB ndiyo yapakati. Ndi kakang'ono ngati bokosi la machesi, magetsi kamatenga ku kompyuta, ndipo ndi njira yokhayo yosavuta kwa a laputopu, popeza malaputopu anasiya kale kubwera ndi kabowo ka foni. Koma msampha uja wa Winmodem ulinso kuno. Zina ndi zokwanira, monga USR5637, imene Linux imangoiona yokha, n'kuipatsa dzina loti ttyACM0. Zina zotchipa ndi zopanda ubongo ngati makhadi aja. Musanagule funsani ngati imagwira pa Linux ndi pa Mac popanda driver yapadera. Ngakhale inu muli pa Windows, yankho la funso limeneli limakuuzani mtundu wake.

Mphenzi

Mabuku a malangizo olembedwa ku Ulaya nkhani iyi amaipatsa mzere umodzi, koma kwa ife kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nkhani yaikulu. Waya wa foni umayenda mtunda wautali pamwamba pa mapholo. Mphenzi siichita kufunika kumenya nyumba yanu. Ikagwa chapafupi ndi waya, mphamvu yake imathamanga m'wayamo mpaka kukafika pa chilichonse cholumikizidwa kumapeto. Anthu amagula zotetezera ku soketi ya magetsi n'kuiwala kuti khomo lina lili pululu.

Apa ndi pamene modemu ya m'kati imandiopsa. Waya wochokera panja mwaulowetsa mpaka m'mimba mwa kompyuta, mainchesi ochepa kuchokera pa purosesa ndi pa disiki ya mafayilo anu onse. Nthawi zambiri imapsa ndi khadi yokha, ndipo chizindikiro chake chodziwika ndi chakuti foni yonse ya m'nyumba imakhala ngati wina wainyamula, oimba n'kumangomva kuti ili bize, mpaka mutazula waya ku modemu. Koma ndinaonapo ofesi ina ya sukulu kumene mphenzi ya usiku umodzi inadutsa pa khadi n'kupha motherboard, mayeso a ana ali m'menemo. Kompyutayo inali yozimitsa, chingwe cha magetsi chili chozula. Anaiwala waya wa foni wokha.

Modemu ya kunja siikutetezani kotheratu, popeza mphamvu ikhoza kudutsabe pa chingwe cha serial kapena cha USB, koma kawirikawiri imafa yokha, ndipo waya wake uli pa tebulo pamene dzanja limafika msanga. Wa khadi ya m'kati uli kuseri kwa bokosi, pansi pa tebulo, m'fumbi, kumene palibe amene amagwada kukazula pa 5 koloko akuthamangira minibasi. Njira iliyonse imene mungasankhe, pezani chotetezera chokhala ndi mabowo a waya wa foni, ndipo mitambo ikada zulani.

Nanga makina enieni a fakisi?

Pali chinthu chimene okonda modemu safulumira kunena. Fakisi yochokera mu Word imafika yoyera bwino kuposa ya makina, chifukwa siinadutse pa sikana. Koma n'chifukwa chiyani anthu amafuna fakisi masiku ano? Amafuna siginecha ndi chidindo. Pepala losainidwa liyenera kujambulidwa kaye, ndiye kuti modemu payokha siikwanira, pafunikanso sikana. Mukawerengera zonse, pulinta imodzi ya zonse pamodzi, yosindikiza, kujambula, kukopa ndi kutumiza fakisi, ngati zija za Brother, Canon kapena HP, imakhala yanzeru kwa ofesi imene imatumiza mapepala osainidwa tsiku ndi tsiku. Mlembi amangoika pepala, kudina nambala, n'kulandira kalisiti kosonyeza kuti lafika. Onetsetsani kuti mtundu umene mukugula uli ndi fakisi, si yonse.

Polandira, makina amapambananso. Modemu imalandira fakisi pokhapokha kompyuta ili yoyaka, siinagone, ndipo pulogalamu yauzidwa kuti iziyankha. Japan ili patsogolo pathu ndi maola asanu ndi awiri, kotero yankho la m'mawa wawo limafika kuno anthu ali m'tulo. Kusiya kompyuta ikuyaka usiku wonse, m'dziko la magetsi ozimazima, pofuna tsamba limodzi, si nzeru. Makina a fakisi nawo amafuna magetsi, koma akabwera amadzuka okha n'kukhala tcheru, ndipo ambiri amasunga masamba m'kati pepala likatha. Kumbali ina, modemu imasunga fakisi ngati fayilo, siitha inki pa zotsatsa malonda zosafunika, ndipo siikusiyirani mapepala opyapyala aja a m'mpukutu amene zolemba zake zimafufutika pakapita miyezi. Amene anasungapo mgwirizano wa malonda pa pepala lotere m'kabati yotentha akudziwa chimene ndikunena.

Pa laini imodzi yogawana ndi foni, onse awiri amavutitsa. Mukauza modemu kuti iziyankha ikalira kawiri, makasitomala oimba kuti alankhule amalandiridwa ndi likhweru m'khutu. Makina ambiri amatha kumvetsera kaye ngati woimbayo ndi fakisi inzake, imene imadzizindikiritsa ndi kabipu kobwerezabwereza, n'kupereka foni kwa munthu ngati si choncho. Pa modemu, chosavuta ndi kuyankha pamanja: wotumiza ayambe wakuuzani, inu mudine Receive a Fax Now foni ikalira.

Ngati waya palibe

Tibwerere ku funso lija ndinafunsa achikulire. Njira zonse zimene ndatchulazi zimafuna laini ya analogi yeniyeni. Kuno kwathu ndi manambala aja oyamba ndi 01, ndipo m'madera ambiri mawaya ake a kopa anabedwa kalekale kapena anangosiyidwa anthu atasamukira ku mafoni a m'manja. Foni ya pa tebulo yolowetsa SIM khadi si laini ya waya, ngakhale ikuoneka ngati graundi. Netiweki ya mafoni a m'manja imafinya mawu m'njira yoti khutu la munthu silidandaula, koma phokoso la fakisi limafika litaphwanyika.

Chimodzimodzi ndi foni yodzera pa intaneti, ija mumailumikiza kumbuyo kwa rauta. Nthawi zina fakisi imadutsa, nthawi zina imaduka pa tsamba lachiwiri. Pali muyezo wotchedwa T.38 wopangidwira vuto limeneli, koma umafunika kuti kampani yanu ya foni ndi kabokosi kanu zonse ziudziwe. Popanda umenewo, tsitsani liwiro kufika pa 9600 ndipo muzitumiza masamba ochepa nthawi imodzi. Abale athu a ku Britain izi zikuwakhudza mwachindunji, chifukwa netiweki yakale ya mafoni a waya kumeneko ikutsekedwa, ndipo tsiku limene linaikidwa ndi kumapeto kwa Januwale 2027. Kugula modemu kumeneko lero kuli ngati kugula ngolo ng'ombe zitagulitsidwa.

Yotsala ndi fakisi ya pa intaneti. Mumalembetsa ku kampani monga eFax, mumatumiza PDF pa imelo kapena pa tsamba lawo, iwo n'kuiimbira nambala ya fakisi ya kutsidyako. Zobwera zimafika mu imelo yanu, kompyuta ikhale yoyaka kapena ayi, ndipo chithunzi cha pepala losainidwa mukhoza kuchijambula ndi foni. A ku South Africa anazolowera kale manambala oyamba ndi 086 amene amagwetsera fakisi mu imelo. Kuipa kwake n'kwakuti ambiri amafuna malipiro a mwezi ndi mwezi pa khadi ya ku banki yolipira ndalama zakunja, zimene kwa Mmalawi si nkhani yaing'ono, nambala imene amakupatsani imakhala ya dziko lina, ndipo zikalata zanu zimadutsa m'manja mwa anthu ena. Kwa loya kapena chipatala, mfundo yomalizayi ndi yofunika kuiganizira bwino asanalembetse.

Ndiye ndikamalangiza munthu ndimayamba ndi laini. Ilipo ndipo ikumveka yoyera, mumatumiza mapepala osainidwa kawirikawiri: gulani pulinta ya fakisi. Ilipo koma zotumiza zanu zimachokera m'kompyuta, monga ma invoisi: modemu ya USB yokwanira payokha, kapena ya serial ngati mwaipeza ndi adaputala yoyenera. Khadi ya m'kati ndimaivomera pamalo amodzi: muli nayo kale, muli ndi kompyuta yakale ya PCI imene driver yake ilipo, ndipo kompyutayo mulibe mafayilo amene mungalire atapsa. Makina akale a XP oikidwa pakona kuti azingogwira ntchito ya fakisi, osalumikizidwa ku intaneti, amaigwira ntchitoyo zaka ndi zaka. Koma kuchita kuitanitsa khadi yatsopano kuti muike mu kompyuta imene muli maakaunti a kampani, ine sindingakuikireni ndi mtima wonse.

Achikulire aja anaimba ku ofesi kwawo ali pa shopu pomwepo. Mlembi anafufuza kuseri kwa kabati n'kupeza soketi ya foni, analumikiza foni yakale, koma munalibe ngakhale kaphokoso. Laini inadulidwa zaka zapitazo, palibe amene ankakumbukira liti. Khadi ija inali ya Conexant, ya PCI, ndipo kompyuta yawo inalibe n'komwe mpata wake. Tinajambula oda yawo pa sikana yanga, tinaitumiza kudzera pa fakisi ya pa intaneti, ndipo m'mawa mwake anapeza yankho la ku Japan lili mu imelo. Kakhadiko anandisiyira, kali m'dirowa limodzi ndi tinzake tisanu ndi kamodzi.